Nsonga Zitatu Tsidya Lino, Zinayi Tsidya Lija

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Nyama Zakutchire m'Chigawo Chathu,

Bwana, mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndikulembera inu. Ndine Orval Tackett wa ku Sawyer Gap. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi n'kupita kukacheka matabwa, choncho pamene pakhota musadabwe. Ndikuopa kuti kalatayi ikukwiyitsani, ndikuopanso kuti simuiwerenga n'komwe, ndipo sindikudziwa choopsa kwambiri n'chiti. Koma ndatsala pang'ono kulandidwa nsanja yosakira agwape imene malemu bambo anga anakhoma mumtengo, ndiye ndalimba mtima.

Ndamva pa wailesi lipoti lanu la chaka chino. Akuti agwape aamuna ophedwa achepanso, alenje tikutha ndipo otsalafe tikukalamba, pamene agwapewo achuluka mpaka akugundana ndi magalimoto. Akuti mwaitana akatswiri kuti afufuze chifukwa chake. Musawavutitse anthu ophunzirawo, Bwana. Angobwera adzandione ine.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kabuku ka malamulo. Kale kanali kapepala kokwana m'chipewa. Lero kanenepa bwino, kakuoneka kuti kumeneko mukukadyetsa. Ndimakawerenga ndi chala mpaka kumapeto, kenaka akazi anga a Verna amandiwerengera mokweza, ndiye timakangana kuti mwatanthauza chiyani. M'banja mwathu simusowa nkhani, ndipo ulemu wake ndi wanu.

Chachiwiri, lamulo la nyanga. Mwati tisawombere gwape wamwamuna pokhapokha nyanga yake imodzi itachita nthambi n'kukhala ndi nsonga zitatu, nsonga iliyonse yokwana inchi. Ndi nzeru zakuya. Kungoti agwape simunawauze kuti aziima. Amabwera m'mamawa kuli chifunga, mutu uli m'zitsamba zimene nazonso zili ndi nsonga zake. Ine ndimapukuta magalasi n'kuyamba: imodzi, ziwiri. Nanga yachitatuyo ndi nyanga kapena kamtengo? Yakwana inchi? Ndikalakwitsa, alonda anu andilanda mfuti, dzina langa lituluka m'nyuzipepala, a Verna akayenda chowerama kutchalitchi. Ndiye ndimayambiranso kuwerenga. Pofika pachitatu ndimangoona kamchira koyera kakunditsanzika pachitunda.

Chachitatu, ndipo apa ndikulemba nditavula chipewa, mwaika malire atsopano pakamtsinje kathu. Tsidya lino nsonga zitatu, tsidya lija zinayi. Nsanja ya bambo ili m'mphepete mwenimweni mwa kamtsinjeko. Chaka chatha kunabwera chigwape chonenepa, khosi ngati la ng'ombe, nsonga zitatu zooneka bwino ngakhale kwa ine. Chinalowa m'madzi n'kuima pakati, chikumwa mosatekeseka. Miyendo yakutsogolo inali m'lamulo lina, yakumbuyo m'lamulo lina. Ndinatulutsa kabuku m'thumba kuti ndipeze tsamba lonena za gwape woima m'madzi. Mapepala anachita phokoso. Zotsatira zake mukuzidziwa, zili m'lipoti lanu.

Mudzafunsa kuti bwanji osapha wamkazi, poti mukutilimbikitsa kutero. Chiphaso chake mwati tizipempha pa foni, osatinso kusitolo. Ndinadina mosamala kwambiri, thukuta lili kamukamu. Chinabwera chiphaso chowedzera nsomba.

Chachinayi si mlandu wanu, koma mumve. Kumsasa kwathu kwa alenje, monga kumisasa yonse, wophonya gwape amamudula malaya kumbuyo, chigambacho n'kuchikhomera pakhoma ndi dzina lake. Ine ndinkadzitonthoza kuti poti sindiwombera, sindiphonya. Koma alamu anga a Dewey, amene ndi mkulu wa msasa, anagamula kuti kuyang'anitsitsa gwape mpaka achoke yekha ndi kuphonya komwe. Madzulo ndikamalowa amakhala atanola kale mpeni. "Tembenukani alamu," amatero. "Lero mwamuwerengera ndani? Mwamupatsa risiti yake?" Anzathu aja kuseka mpaka kutsamwa khofi.

A Verna analeka kundigulira malaya. "Inu a Orval, khoma la kumsasa likutchena kuposa inu," anandiuza tsiku lina. "Agwape anuwo akundithera zitheba masanasana, ine ndikuwathamangitsa ndi tsache. Kapena chaka chino mutenge tsachelo, mfutiyo mundisiyire?" Ine ndinayamba kuganiza ngati tsache likuloledwa m'kabuku.

Tsopano a Dewey anena pamaso pa onse kuti ndikapanda kubweretsa gwape mu Novembala uno, nsanja aipereka kwa mkamwini wawo Garrett, munthu woti amawombera kaye n'kuwerenga pambuyo, ndipo sindidziwa kuti zimatheka bwanji koma nsonga zake zimakwana nthawi zonse. Ine ndidzakhala wophika wa msasa. Bwana, ndimaopanso chitofu cha gasi. Ndipo mtengo uja ndinayamba kuukwera bambo akundigwira lamba kumbuyo. Makwerero ake ndimawadziwa ndi mapazi. Kuti pakhale munthu wina, ine ndikumva mfuti yake ndili ndi chipande m'manja, zimenezo sindingazipirire.

Sindikupempha kuti musinthe lamulo. Mukasintha ndiyambiranso kuwerenga, ndipo maso atopa. Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku lotsegulira kusaka, munditumizire bwana amene anajambula malire aja adzakhale nane pansanja. Malo alipo a anthu awiri oonda. Iwo aziwerenga nsonga ndi miyendo, ine ndizigwira mfuti. Akati "womberani" ndiwombera, ndipo zikapanda kukwana, mlonda alembe dzina lawo.

Ngati ali otanganidwa, ndimvetsa. Mungonditumizira chikalata chachidindo chonena kuti mwa antchito anu onse palibe amene wapulumutsa agwape ochuluka kuposa ine. Ndidzachipachika pamwamba pa chitofu, kuti posenda mbatata ndizikumbukira amene anandikweza pantchito.

Ine wanu womvera malamulo onse, ngakhale amene sindinawamvetse,

Orval Tackett