Chibowo cha a Chivomezi

A Chivomezi anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, ali ndi pikapu imodzi, mkazi mmodzi, ndi makutu awiri ongokongoletsa mutu. Makutuwo anathera ku chigayo kumene anagwira ntchito ali mnyamata. Atapeza pikapu yonyamulira katundu wa anthu, anaganiza zoti nyimbo azimvera kumsana. Anagula chisipika cha besi chachikulu ngati beseni losambira, n'kuchikhomera m'bokosi la matabwa. Dzina lawo linachokera pomwepo. Akamabwera, munthu unkayamba kumva m'mimba, kenako mawindo ankanjenjemera, galimoto n'kuonekera pambuyo pake.

Bokosilo silinkakwana kutsogolo kokhala anthu, ndiye analiika kumbuyo, mu bodi. Kumeneko besi inkangozunza anthu a mumsewu, mwiniwake osamva kanthu. Choncho anapita kwa mlamu wawo wowotcherera zitsulo, mchimwene wa akazi awo, kukamuuza kuti aboole kuseri kwa mpando mpaka kutulukira mu bodi.

Mlamuyo sankataya mawu. Anawauza kuti kuboola n'kosavuta, chovuta n'kutseka. Pakati pa kutsogolo ndi bodi pali mpata wolowa dzanja, ndipo ziwirizi sizigwedezeka pamodzi: galimoto ikagunda bampu, china chimapendekera uku, china uko. Chotsekera mpatawo chiyenera kukhala chofewa, labala, chotha kukokeka n'kubwerera.

"Labala amadya mawu, alamu," anatero a Chivomezi. "Inu boolani. Zotseka ndine katswiri."

Mlamuyo anaboola.

Sabata yomweyo kunagwa mvula. Akazi awo anakhala kutsogolo atavala diresi loyera, popita ku ukwati wa mwana wa mnzawo. Matayala ankatunga matope mumsewu, mpata uja n'kumawalandira. Mayiwo anatsika msana wonse uli bii, ngati agona m'khola. Sanakalipe. Anangonena kuti galimotoyo sadzaikweranso mpaka chibowocho chitatsekedwa, n'kubwerera kunyumba wapansi. Apa ndiye a Chivomezi panawapweteka. Zomvera mkazi sankazidziwa, koma kuonedwa naye pampando wakutsogolo ankakukonda kwambiri.

Anayamba ndi nsanza komanso siponji ya matiresi akale. Zinamwa madzi, m'galimoto n'kumanunkha ngati galu wonyowa. Anazichotsa n'kuthira phula. Dzuwa litatentha phulalo linasungunuka, n'kutsikira pampando tsiku lomwe m'busa anapempha lifiti. M'busayo anatsika yekha, jekete linatsala. A Chivomezi anati munthu wa Mulungu sayenera kudandaula za zovala.

Kenako anabwera ndi simenti. Ankafunsa aliyense kuti ngati simenti imagwira nyumba yosanja, nanga kagalimoto n'kachiyani? Pa bampu yoyamba simentiyo inasweka, zidutswa n'kugwera m'chisipika muja. Chinayamba kulira ngati miyala m'chitini. Anthu ankatseka m'makutu, iwo akugwedeza mutu kuti nyimbo tsopano yafika pake.

Nthawi yonseyi njira yawo inkadutsa pa shopu ya mlamu uja. Pamsomali wa pakhomo iye anali atapachika chubu chakale cha thirakitala. Akamva chivomezi chikubwera, ankatuluka n'kuchiloza ndi ndodo yowotcherera. A Chivomezi ankayang'ana kumbali ngati aona m'bale wawo kutsidya kwa msewu.

Mlamuyo zinkamuseketsa, koma osati zonse. Ankaona mlongo wake akudutsa wapansi, katundu pamutu, miyendo yotupa, pamene galimoto ili m'banja momwemo. Tsiku lina anamuuza kuti angokwera, aziyala pepala la pulasitiki kumsana.

"Achimwene, ndikakwera lero, mawa aboola denga," anayankha mayiwo.

A Chivomezi anapita kwa wowotcherera wina wa kutsidya, munthu amene ukamulozera mbuzi ndi mtengo akhoza kuziwotcherera pamodzi. Iyeyo analumikiza kutsogolo ndi bodi ndi zitsulo zokhuthala, mpata wonse n'kutsekeka gwa. A Chivomezi anadutsa pa shopu ya mlamu wawo akuliza hutala, dzanja lili panja. Kunyumba anauza mayi kuti akonzeke, Lamlungu akwera.

Lamlungu silinafike. Ananyamula njerwa pamsewu wa maenje, bodi inafuna kupendekera kwake, kutsogolo kunafuna kwake, ndipo chitsulo chinakana. Khoma la kuseri kwa mpando linang'ambika ngati pepala. Galasi lakumbuyo linagwera m'njerwa. M'mawa mwake galimoto inafika pa shopu ya mlamu uja ikulira ngati chitseko cha bafa.

"Alamu, zitsulo za masiku ano n'zofooka."

"Chofooka ndi mutu wa mwini galimoto."

"Mwati chiyani?"

"Ndati tsikani."

Mlamuyo anadula zitsulo zija, n'kusoka khoma long'ambikalo. Anatsitsa chubu pamsomali, anachidula ngati mkono wa malaya, n'kuchilowetsa mumpata muja, mbali ina kutsogolo, mbali ina ku bodi. M'mbali monse anapanikiza ndi timizere ta chitsulo ndi mabawuti, pakati n'kusiya labalayo ali ndi makwinya kuti azikokeka. A Chivomezi anaima pambali tsiku lonse, manja kumbuyo, akumuuza mmene angagwirire sipanala. Madzulo asanafike, msewu wonse unali utamva kuti nzeru ya labala inali yawo, mlamu anangothandiza kumanga mabawuti.

Mayi aja sanathamangire kukwera. Anati aone kaye mvula yeniyeni, chifukwa zoti kwatsekedwa anazimvapo kambiri. A Chivomezi ankatuluka m'mawa uliwonse kuyang'ana kumwamba, n'kumatukwana mitambo kuti ndi yaulesi.

Mvula inabwera tsiku limene a Chivomezi anagwa pakhonde, mbali imodzi ya thupi itauma. Mlamuyo anathamanga n'kutenga makiyi. Anawakhazika pakati, mayiwo n'kukhala kukhomo atawagwira phewa. Mvula inali yoti waipa wopukuta galasi sankathandiza, msewu wa kuchipatala uli matope okhaokha.

"Achimwene, yatsani chinthu chawocho," anatero mayiwo.

Mlamuyo anayatsa. Mpando unayamba kunjenjemera. A Chivomezi anatsamira bwinobwino, maso n'kutseka. Kenako anatambasula dzanja lomwe linkagwirabe ntchito, n'kusisita msana wa akazi awo, kuchokera paphewa mpaka m'chiuno.

"Mwanyowa, mayi?"

Mayiwo anapukusa mutu kuti ayi.

"Ndinawauza alamuwa kuti tiike labala," anatero a Chivomezi.

Mlamuyo anangowonjezera besi.

Kuchipatalako a Chivomezi sanabwereko.

Msewu wathu tsopano uli zii. Wagolosale anabwezera pa shelefu yapamwamba mabotolo omwe besi inkagwetsa. Agalu akugona pakati pa njira. Anthu omwe ankawatukwana tsiku ndi tsiku, lole ikagunda patali amatembenuka, kenako amachita ngati amayang'ana zina. Mlamu uja amagwira ntchito yake monga kale, kungoti pamsomali wa pakhomo sanapachikeponso kanthu.

Chisipika anachipereka kwa m'busa uja, m'malo mwa jekete. Pikapu ili kuseri kwa shopu, matayala anaphwa. Yavumbwa ndi mvula ya chaka chatha ndi ya chaka chino, ndipo mpando ndi wouma.