Tcheyamani wa Zinkhupule

Nkhani iyi ndimaibisa ngakhale kwa ana anga, koma poti komboni yonse ya Kasanda imaidziwa, bola muimve kwa mwiniwakene.

Mgodi utatsekedwa, anzanga onse anayamba kuweta, wina nkhuku, wina abakha. Ine ndinkati ndikuganizabe. Mkazi wanga, bana Chanda, anatopa nako kuganizako, nandiuza kuti ndikapanda kuyamba kanthu abwerera kwa amayi ake ku Bwacha. Ndinachita mantha, ndisaname.

Masiku omwewo mlamu wanga Mwape, wogwira ntchito pa sitima ya ku Dar es Salaam, anabweretsera mlongo wakeyo chinkhupule chosambira cha m'nyanja yamchere, chamabowo okhaokha. Anati asodzi akumeneko anamuuza kuti ndi nyama, ndipo ukachidula, chidutswa chilichonse chimakula pachokha.

Nzeru zinandifikira pomwepo. Chiweto chosalira, chosathawa, chosagwidwa chitopa!

Bana Chanda atapita kumsika, ndinaiduladula mphatso yawoyo, ndikuponya zidutswa mu dramu ya madzi, ndikukhuthuliramo mchere wonse wa m'nyumba. Posakhalitsa zinafufuma. Ndinavina ndekha pabwalo.

Atabwera anaima pa dramu, manja m'chiuno.

"Bashi Chanda, sponge yanga ili kuti?"

"Ili pa maternity," ndinayankha monyada.

Ndinaitana anzanga a kumgodi tikhazikitse kopaletivu, tcheyamani ine. Vuto linali kadyetsedwe. Pakamwa tinapafunafuna osapapeza, ndiye tinkangothiramo gaga ndi mitu ya kapenta. Wina anati tipatule zazimuna ndi zazikazi, ndipo ndinazipatuladi, mongoyang'ana nkhope. Dramu itayamba kununkha, ndinauza mamembala kuti khola lililonse limatero.

Koma kukula ayi, ndipo mamembala anayamba kung'ung'udza. Pofuna kuwatseka pakamwa, ndinaitana Bwalya, mng'ono wa mkazi wanga, amene ankaphunzitsa sayansi ku sekondale, kuti adzandichitire umboni pamaso pa onse.

Anasuzumira mu dramu atatsina mphuno. Anavomera kuti chinkhupule ndi nyamadi, ndiponso kuti chamoyo ukachidula chimakula. Ine ndinayang'ana mamembala mmodzimmodzi, chifuwa patsogolo.

"Manje ba mulamu," anatero, "ichi chinafa kudala, kalekale. Iyi ni skeleton chabe. Mudyesa mafupa."

Ndinalakalaka nditalowa mu dramu momwemo. Pofuna kuti ndisagonje msanga, ndinafunsa kuti nanga chamoyocho chimakhala chotani.

Bwalya anafotokoza bwinobwino, ngati ali m'kalasi. Anati chilibe ubongo, chilibe mtima, chilibe miyendo. Chikamatirira pamwala basi, moyo wake wonse ndi pomwepo. Chimangomwa madzi m'timabowo take tsiku lonse, kudikira kuti chakudya chichipeze chokha.

Bana Chanda, amene nthawi yonseyi anali pakhomo, anatsokomola.

"Ba members, osadandaula. Yamoyo tili nayo, ni iyi yavala jekete." Anandiloza. "Koma please, osaijuba. Ingapake!"

Anthu anagwa nako kuseka. Mmodzi anachita kutsamira mpanda, misozi ili mbwembwembwe, akubwereza kuti ndisadulidwe ndingachulukane. Kopaletivu inathera pomwepo, koma utcheyamani sunandichoke. Mpaka lero ndikakwera minibasi, kondakitala amakuwa kuti a Tcheyamani apatsidwe mpando wakutsogolo.

Ku Bwacha mayi sanapite. Akuti kumeneko kulibe zoseketsa zaulere.

Masiku ano ndikafuna kudyetsa chiweto, ndimayamba ndafunsa ngati chili moyo.