Ukali wa a Magazi, Woyeza Mkaka

Malemu a Magazi sankalola munthu kunena pamaso pawo kuti mafuta a mkaka amachokera m'bere la ng'ombe. Ukangolakwitsa n'kutero, ngakhale uli pa njinga, ankakugwira chishalo mpaka utsike.

"Bere ndi khitchini chabe!" ankatero, mitsempha ya m'khosi ili nji. "Zophikazo zimabwera ndi magazi!"

Dzina lawolo linachokera pamenepo. Zaka makumi awiri ankayeza mkaka pa malo amene alimi ankaperekera mkaka wawo m'mawa. Akazi awo, amene anapirira nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka lero akawakumbuka amayamba atsonya kaye.

Mayiwo phunzirolo ankalidziwa ngati dzina lawo, chifukwa analimva pa chakudya, pa msewu, ngakhale pa mzere wa kuchipatala. Theka la mafuta a mumkaka, ankatero amuna awo, bere limapanga lokha kuchokera ku udzu umene wagayidwa m'chifu. Theka linalo limafika lopangidwa kale, litayandama m'magazi. Ndipo magazi amawatenga malo awiri: m'chakudya chimene ng'ombe yadya, kapena pamsana pa ng'ombe yomweyo.

"Ukaimana chakudya, imadzidya yokha kuti iwe umwe tiyi woyera. Mbava iwe!"

"Mbavayo ndani, bambo? Pano tilipo awiri."

"Ndikunena anthu, mayi."

"Anthuwo kawauzeni kwawo. Ine ndikufuna kudya."

Mwana wawo wamkazi atabweretsa mwamuna wofuna kumukwatira, mphunzitsi waulemu wake wovala tayi, mayi anasesa pabalaza katatu. A Magazi sanamufunse za makolo ake kapena za ntchito yake.

"Achimwene, mafuta a mumkaka amachokera kuti?"

Mphunzitsi anamwetulira. "M'bere, bambo."

"Ndipo boma linakupatsani ana a eni kuti muziwaphunzitsa?"

Anamutengera kukhola ndi tayi wakeyo, namugwiritsa mtsempha waukulu wa kumimba kwa ng'ombe kwa ola lathunthu. Anabwerako nsapato zili ndowe zokhazokha. Mayi sanalankhule ndi amuna awo masiku anayi, ndipo bambowo anazindikira zimenezi tsiku lachitatu. Ukwati unachitikabe, koma mkamwiniyo mpaka lero amamwa tiyi wopanda mkaka.

Chaka china mayi anasunga thumba la soya loti adzabzale. Mvula itayandikira anakapeza thumba lagona pansi ngati chovala chakutha.

"Soya wanga ali kuti?"

"Ali m'magazi."

"Magazi a ndani?"

A Magazi analoza kukhola. Anali atamukazinga pang'onopang'ono, kumugayitsa, n'kumasakaniza ndi madeya.

"Ng'ombe yangobereka kumene, mayi. Mukanakonda isungunule msana wake?"

"Ine ndinakuberekerani ana asanu! Munandikazingirapo chiyani?"

Bambowo anaganiza kaye mofatsa, ndipo kuganizako n'kumene kunawapsetsa mtima kwambiri mayi.

"Inu simunkaonda," anayankha.

Tsiku limenelo chidebe chokamira chinauluka kudutsa bwalo lonse.

Koma mkwiyo weniweni wa mayi suli pa soya ayi. Uli pa zimene a wapampando wa gulu la alimi anawachita amuna awo. Bwanayu anagula ng'ombe yamakono, ndipo itabereka, mkaka wake unali ndi mafuta oposa wa aliyense. Gulu linakonza msonkhano woti limupatse mphoto, chigubu chachitsulo chonyezimira. Anapempha a Magazi, monga woyeza, kuti ayamikire. Mayi anawakoka jekete, koma bambowo anali ataimirira kale.

"Mukuombera m'manja maliro," anayamba. "Ng'ombe imeneyi ndaiona dzulo. Nthiti zake mutha kuziwerenga muli pamsewu. Mpweya wake ukununkha ngati zipatso zowola. Mafuta amene mukuwatamawa si a chakudya, ndi thupi lake likusungunukira m'magazi n'kutsikira m'chigubu. A wapampando sakukama mkaka, akukama ng'ombe!"

"Nsanje!" wina anakuwa kumbuyo.

"Khalani pansi, madala!"

"Ndikhala ikadya!"

Sabata yomweyo komiti inawalembera kalata yakuti akalamba, akapume. Inagula makina oyezera amene salankhula. Patatha milungu itatu ng'ombe ya a wapampando inagwa m'khola, osadzukanso. Palibe anabwera kudzapepesa. A Magazi ndiwo anapita okha kukaiona, nabwerako atagwetsa nkhope, osanena n'kamodzi komwe kuti "ndinanena". Zimenezo mayi sanazimvetse. Iwo akanalemba pa chikwangwani.

Atawachotsa ntchito, bambowo ankangokhala pa chitsa pafupi ndi khola lawo, akumwa mafuta oyandama pamwamba pa mkaka, kapu yodzaza m'mawa uliwonse. Chifuwa chitayamba kuwathina, mayi anawakokera kuchipatala. Dokotala, mtsikana wa magalasi, anayang'ana pepala la zoyeza n'kupukusa mutu.

"Agogo, mafuta achuluka kwambiri m'magazi mwanu."

Nkhope ya a Magazi inawala ngati apambana mayeso.

"Mwamva, mayi? M'magazi! Uyu ndiye wophunzira! Mwanawe, ukanabwera kale ukanandithandiza pa msonkhano."

"Si nkhani yabwino, agogo. Mitsempha itseka."

"N'chifukwa chakuti ndilibe bere. Ndikanakhala nalo, bwenzi mayiwa akugulitsa batala."

Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Mayi sanaseke. Anabisa kapu ija, bambowo anayamba kumwera m'chivundikiro cha poto. Anabisa chivundikiro, anawapeza akunyambita chipande. Mapiritsi ankamwa akakumbuka, koma nthawi yodyetsa ng'ombe sanaiphonyepo.

M'mawa wina bambowo anachedwa kubwera kuchokera kukhola. Mayi anatuluka mawu aukali ali kale pakamwa. Anawapeza atakhala pansi, atatsamira mtanda wa khola, udzu uli m'manja, ng'ombe ikudya m'manja momwemo. Mawu aja anasowa wowalandira.

Pa maliro a wapampando analankhula mphindi makumi awiri, kuwatcha malemu "chuma cha gulu lathu". Ana awo awiri anachita kuwagwira mayi m'mapewa kuti asaimirire.

Miyezi isanu itadutsa, bwana yemweyo anatulukira pabwalo, chipewa chili m'manja. Ng'ombe yake yatsopano inali itabereka, ndipo tsopano inkakana kudya.

"Mayi, kodi malemu sanasiye kabuku kalikonse? Kolembamo zija ankanenazi?"

"Kabuku?" Mayi anaika pansi tsache. "Zaka makumi awiri munthu akukukuwirani kukhutu, mpaka mawu kusasa. Munati nsanje. Munati wakalamba. Munamutumiza kudzakhala pa chitsa ngati nkhuku yodwala. Lero mukufuna kabuku?"

"Tinalakwa, mayi."

"Mukawauze eni ake. Mukudziwa kumene agona."

Mayi analowa m'nyumba, namenyetsa chitseko. Anaima pakati pa chipinda akupuma mwaphuma. Kenaka anavala nsapato za mphira za amuna awo, zazikulu ngati mabwato, natulukanso.

"Ndikupitira ng'ombeyo, osati inu. Muziyenda kumbuyo."

Njira inadutsa pa malo operekera mkaka paja. Kale phokoso la pamenepo linkamveka munthu ali kutali: zigubu kugundana, a Magazi kukalipa, alimi kuyankha, onse kuseka. Tsopano makina ankangolira kamodzi, kapepala n'kutuluka, wotsatira n'kusendera. Mzere unali utatha kale, koma alimi anali chiimire pamthunzi ndi zigubu zopanda kanthu, ngati anthu amene basi yawasiya.

Mlimi wina wachikulire anavula chipewa ataona mayiwo.

"Pano pazizira, mayi. Masiku aja tinkachoka titapsa mtima, koma tikudziwa chokachita kukhola. Lero palibe wotinyoza, ndipo ng'ombe zikungotha."

Mayi anaima. Anayang'ana pakona pamene pankakhala mpando wa amuna awo. Panali pataikidwa ndowa ya zinyalala.

"Chotsani icho pamenepo," anatero.

Amuna atatu anathamangira ndowayo nthawi imodzi.