Tsiku Limene Kompyuta ya a Gwanda Inakana Mbiri ya Malemu

Inu, tamverani, sunthirani kuno, minibasiyi sidzadza msanga. A Gilford Gwanda mukuwadziwa? Aja a ku Ntcheu, ovala tayi ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, amene anali ndi kashopu kotayipa makalata ku Kawale, pakati pa malo ometera a Owen ndi butchala? Omwewo. M'chaka cha 2006 mzere wonse uja kompyuta inali imodzi yokha, yawoyo, ndipo ankayenda ngati anaibereka okha.

Pakhomo analemba ndi penti yofiira kuti GWANDA COMPUTER EXPERT. Koma ukatswiri wake wotani? Bambowa anagwira umesenjala zaka makumi awiri, kompyuta ankangoisuzumira pa phewa la sekilitale akamapereka tiyi. Ukawafunsa ankakoka tayi n'kunena kuti, "Makina awa ine ndimawadziwa mpaka m'matumbo."

Ndiye Lachisanu lina m'mawa kunalowa mayi Zipora, mpango wakuda kumutu, maso otupa. Mchimwene wawo, a Aleke, anali atamwalira Lachitatu, ndipo mwambo woika unali tsiku lomwelo, thu koloko masana. Dzulo lake mayiwa anali atakhala pa benchi ya a Gwanda maola awiri kufotokoza mbiri ya malemu, yoti ikawerengedwe kumanda. A Gwanda anatayipa ndi zala ziwiri, anasunga, n'kuwauza kuti adzatenge pepala mawa chifukwa inki imatuluka bwino m'mawa isanatenthedwe.

"Ndabwera, a Gwanda. Abusa akufuna pepala lija."

"Khalani pansi, mayi. Mphindi imodzi. Makina awa sachedwa ngati anthu."

Anayatsa, anapukuta zala pa buluku, anagwira mausi, n'kudina kachikwama kachikasu kamene mumakhala mafayilo onse. Zenera linatseguka bwinobwino, kenaka phethi! Latsekeka. Pamalo pake panatuluka kabokosi ka Chingerezi kopepesa kuti pulogalamuyo yakumana ndi vuto, iyenera kutseka.

"Ikuti chiyani?" anafunsa mayi Zipora.

"Ikungopereka moni wa m'mawa."

"Nanga mabatani awiriwo?"

"Ikufunsa ngati titumize lipoti kulikulu."

"Kulikulu kuti?"

"Ku Amereka."

"Musatumize! Maliro athu asamveke ku Amereka, a Gwanda. Ndiwo zatiperewera kale ndi anthu a ku Dedza okha."

A Gwanda anadina kuti asatumize. Abale inu! Tizithunzi tonse ta pagalasi paja tinangoti zii, ngati anapiye ataona mphamba. Mzere wa m'munsi uja nawo unapita. Panangotsala phiri lobiriwira ndi thambo, phee, ngati ku Dedza mu Febuluwale.

"Mbiri ya achimwene yapita kuti?"

"Ili kuseri kwa phiriko. Ikubwera."

Anadikira. Sinabwere. Anathimitsa, anayatsanso, tizithunzi tinabwerera, anadina kachikwama kaja, zenera linatseguka, phethi, kabokosi kopepesa, phiri. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi zenera silinayese n'komwe kutseguka. Thukuta linayamba kulowa mu kolala.

Apa n'kuti a Owen ometa atasuzumira kale pakhomo, lumo m'manja, kasitomala atamusiya ndi mutu wometedwa mbali imodzi.

"Madala, yatani?"

"Palibe. Ikupuma."

"Imeneyo yatentha. Mashini anga ometera akatero ndimawapepesa ndi mphepo."

Anakatenga fani ya kometera, n'kuilozetsa pa kompyuta. Fani ija itangozungulira, mapepala onse a pa tebulo anauluka: makalata a anthu, masatifiketi, kalendala, zina kukatera mu ngalande panja. Kasitomala wa mutu watheka uja ndiye anayamba kutola. Kompyuta osasintha maganizo. Phiri lili pompo.

"Bwanji osaitana Fatu?" anatero a Owen.

Fatu ameneyu anali mayi wa foni ya pa tebulo tsidya lina la msewu, pansi pa ambulera, pamene anthu ankaimbira abale awo. Aliyense ankadziwa kuti anaphunzira za makompyuta miyezi isanu ndi umodzi m'tauni. Koma a Gwanda atamva dzinalo anachita ngati alumidwa ndi mavu.

"Fatu? Wa matelefoni? Adzaphunzitse ine? Inu mukadwala dzino mumapita kwa wosoka nsapato?"

Paja akuluakulu anati wovala tayi safunsa njira, amangoti akuona malo.

"Vuto ndi mausi," analengeza a Gwanda. "Yatsamwa."

Anaitembenuza, anatsegula kunsi kwake, n'kutulutsa kampira kaja kamene kankakhala m'mausi a masiku amenewo. Anakapukuta ndi tayi, anakauzira, kenaka kanawapulumuka m'zala. Kanadumpha pasimenti, kanagubuduka kutuluka pakhomo, ndipo galu wa pa butchala, amene moyo wake wonse chinthu chogwa pansi chimakhala chake, anakawakha m'mwamba. Mii! Anameza. Anayang'ana a Gwanda, n'kugwedeza mchira ngati akuti onjezerani.

"Gwirani galuyo!"

Anthu atatu anamuthamangitsa mpaka kumsika. Anabwerako opanda galu, koma ndi anthu ena khumi ofuna kuona chimene chachitika. Nthawi inali itakwana leveni koloko. Kashopu kanadzaza, ena pa windo, ndipo aliyense anali dokotala. Wina anati magetsi afooka, achotse wailesi ya a Owen pa soketi. Anachotsa. Wina anati aimenye pambali ngati TV. Anaimenya. Wina anati aitembenuze chadodolido kuti mbiri itsikire m'munsi, kufupi ndi pulinta. Musaseke, inu, anaitembenuzadi, anthu awiri kugwira bokosi, a Gwanda kugwedeza. Munangotuluka fumbi ndi mphemvu imodzi yokalamba.

Mayi Zipora anadzuka pa benchi pang'onopang'ono.

"A Gwanda, ine ndadziwa. Si makina awa. Ndi achimwene."

"Mukutanthauza chiyani, mayi?"

"Dzulo tinalemba kuti malemu anali munthu wosalawa mowa."

Onse ankawadziwa a Aleke. Ku Kawale kunalibe mpando wa pa shabini umene sunkadziwa kulemera kwawo.

"Tinalembanso kuti ankakonda ntchito. Ndi kuti ankaimba kwaya. Achimwene ankadana ndi bodza, a Gwanda, makamaka lowanamizira kuti samwa. Akhala pa chitseko cha mbiriyo, sakufuna ituluke."

"Mayi, izi ndi za sayansi."

"Ndiye itsegulenitu ndi sayansi yanuyo."

A Gwanda anayang'ana phiri lija, anayang'ana wotchi, thwelofu koloko itadutsa. Kumanda anthu anali atamaliza kukumba. Anaganiza za abusa ataimirira, anthu mazana atakhala pansi, wina n'kulengeza kuti mbiri ya malemu yakanirira kwa a Gwanda. Ndani adzabwerenso kudzatayipitsa ngakhale kalata yachibwenzi? Anakoka mpando, anayandikiza pakamwa pa timabowo ta bokosi lija, n'kutsitsa mawu.

"A Aleke. Ndine Gilford. Tinkakhala bwino ine ndi inu. Za mowazo tichotsa. Tilemba kuti munkalawa mwa apo ndi apo."

"Mwa apo ndi apo?" anatero a Owen. "Madala, musawapsetsenso mtima."

"Chabwino, tilemba kuti munkamwa. Za kwaya tichotsa zonse. Tatsegulani, chonde, anthu akudikira."

Bokosi linangoti hmmm. Phiri osasuntha.

Ndiye mawu anamveka pakhomo: "Pepani, ndidutse nawo." Anali Fatu. Palibe anamuitana, makasitomala ake onse anali atathawira ku kanema waulereyu, ndiye anabwera kudzaona chimene chamulanda anthu. Anapeza a Gwanda atagwada, akunong'oneza kompyuta.

"Abambo, mukupemphera?"

"Ndikumvetsera injini."

"Ndingaone nawo?"

A Gwanda anafuna kukana, koma mayi Zipora anawayang'ana ndi diso limene linawachotsa pa mpando lokha. Fatu anakhala, anafufuza mausi, anaitembenuza.

"Kampira kali kuti?"

"Kali m'galu," anayankha a Owen.

Fatu anaiika pambali. Anadina mabatani atatu nthawi imodzi, panatuluka kabokosi kena, analemba mawu amodzi, tizithunzi tonse tija n'kubwerera ngati ana a sukulu belu likalira. Anthu anati, "Eeee!" Anayesa kutsegula kachikwama ka mafayilo ndi mabatani okha. Zenera linatseguka, phethi, latsekeka. Koma iye anali ataona kale.

"Abambo, munaikamo filimu muno?"

"Ya ukwati wa mlamu wanga. Anabwera nayo dzulo madzulo pa fulashi. Inkachedwa kulowa, ndiye ndinazula."

"Ndi imeneyo. Inalowa theka, ndi yowonongeka. Zenera likatseguka limafuna kuonetsa kachithunzi ka fayilo iliyonse, likafika pa imeneyo limakomoka. Zili ngati mkamwini wotsegula bafa n'kupeza apongozi akusamba: amatseka n'kuthawa, ndipo mukamukankha kuti abwerere, amathawanso."

"Ndiye si achimwene?" anafunsa mayi Zipora, ngati akhumudwa pang'ono.

"Si iwo, amayi. Filimuyo ndidzachotsa madzulo. Panopa tilowere khomo lina."

Anasiya zenera lovutalo, anatsegula pulogalamu yotayipira, nayo n'kuonetsa mayina a makalata amene ali m'katimo. Nthawi inali hafu pasiti wani.

"Pali awiri apa," anatero Fatu. "Aleke, ndi Aleke1. Titsegule tiwerenge kaye kuti..."

Apa ndi pamene a Gwanda anaona kuti anthu onse akuyang'ana Fatu ngati mngelo, wina mpaka kufunsa ngati amatayipanso makalata. Mtima unawawa. Anakonza tayi.

"Basi, basi, mwathandiza, mayi. Pamene pafika apa ndi pa akatswiri. Mafayilo anga ndimawadziwa ngati ana anga."

Anamusuntha, anasankha dzina loyamba, anatumiza ku pulinta osawerenga ngakhale mzere umodzi. Pepala likutuluka analipinda lili lotentha, mu envelopu, malovu, mbaa! Iwo ndi mayi Zipora liwiro la kumanda, tayi ili kumsana.

Anafika nyimbo yomaliza ikutha. Envelopu inaperekedwa kwa mkulu wa mpingo, bambo wa magalasi okhuthala amene amawerenga chilichonse ndi mawu amodzimodzi achisoni, kaya ndi Masalimo kaya ndi chidziwitso cha njinga yotayika. A Gwanda anakhala kutsogolo ndithu, pafupi ndi bokosi, kuti anthu aone mwini ntchito.

Mkulu uja anatsokomola, n'kuyamba.

"Okondedwa Bwana. Ine ndine Aleke, wa ku Kawale. Ndamva kuti kwanuko kuli malo."

Amayi anayamba kusisima. Wina anati, "Alipo malo, alipo!"

A Gwanda anagwira mutu. Anakumbukira. Miyezi itatu m'mbuyomo, a Aleke anabwera kudzatayipitsa kalata yofunsira ntchito ya ulonda pa chigayo china ku Biwi. Imeneyo ndiyo inali Aleke. Mbiri ya malemu inali Aleke1.

"Ndikupempha kuti mundiganizire," anapitiriza mkuluyo. "Ndakhala nthawi yaitali ndikuvutika kuno. Ndine munthu wosagona pa ntchito. Mukandiika pa geti, palibe wakuba angalowe."

"Amen!" anayankha anthu. Abusa anagwedeza mutu, maso ali otseka. Mayi wina anagwa pansi ndi kulira, akuti sanamvepo mbiri yokhudza mtima chotere, malemu kudzilankhulira okha kwa Mwini wake.

"Ndili ndi thanzi labwino."

Apa ena anayang'ana bokosi, koma anakhululuka.

"Tochi ndi chibonga ndibwera nazo zanga. Ndikhoza kuyamba Lolemba."

Mkazi wa malemu, amene anali atafooka m'manja mwa anzake, anadzutsa mutu. "Lolemba? Zaka zonsezi ndikuwadzutsa amati msana, lero ndiye akufuna kuyamba Lolemba?"

Anamutonthoza. Mayi Zipora anatembenuka kuyang'ana a Gwanda, ndipo a Gwanda anayang'ana nyerere imene inkadutsa pa nsapato yawo ngati ndi m'bale wawo wotayika. Ankangopempha mumtima kuti pepala lithe. Linatsala ndi mzere umodzi.

Mkulu wa mpingo anayandikiza pepala ku magalasi.

"Ngati mukufuna umboni wa khalidwe langa, Bwana, itanani a Gilford Gwanda. Iwo anavomera kale, ndipo anati abwera nthawi iliyonse imene mungawafune."

Mitu mazana inatembenukira kwa a Gwanda. Amene anakhala nawo pafupi anasuntha pang'ono. Mkulu uja anavula magalasi, n'kuwayang'ana ndi chifundo chachikulu.

"A Gwanda, mwamva nokha. Akuti mukufunika kumeneko. Tiwayankhe kuti chiyani?"

A Gwanda anamasula tayi koyamba chibadwire, n'kuyankha ndi mawu ang'onoang'ono ngati a mwana wa mbuzi:

"Auzeni kuti umboniwo ndingolemba kalata. Sabata ino ndatanganidwa."