Penti Yoyenera Mlombwa

Inu, sendezani kuno, basi ya ku Chipangali sinadzaze, nthawi ilipo. Mukuona zikhadabo zangazi? Zobiriwirazi si matenda ayi, ndi penti.

Ine ndine Whiteson, mphunzitsi wopuma wa ku Madzimoyo. Nditapuma ntchito ndinalumbira kuti simenti ndaiponda zaka makumi atatu m'kalasi, pabalaza panga siilowa. Ndinayala matabwa a mlombwa, n'kuwathira vanishi mpaka kuda bii, kusalala koti ntchentche ikatera imaterereka.

Tsono mwana wathu Nomsa anapeza mwamuna wa ku Tamanda, akuchimuna n'kutumiza mawu kuti afika Loweruka kudzaonekera. Makoma anali asanapakidwe.

"Atate ake Nomsa, pakani laimu basi," anatero akazi anga, a Getrude.

"Laimu? Pafupi ndi mlombwa? Munaonapo munthu atavala suti ndi patapata?"

Lolemba ndinalowa m'tauni. Mtsikana wa m'shopu ya penti, Sesiliya, ananditambasulira khadi la mitundu.

"Zoyera zokha zilipo khumi ndi ziwiri, atate. Iyi ndi chigoba cha dzira, iyi mkaka, iyi uchi wa m'mawa."

"Mwana wanga, ndabwerera penti, osati kadzutsa."

"Pansi pakakhala pakuda, khoma lizikhala lowala."

Tamverani! Ine amene ndinaphunzitsa ana miyandamiyanda kufananiza zinthu, andilangize mwana wadzulodzulo? Ndinanyamula yofiirira yoderatu, yofanana ndendende ndi matabwa anga.

Lachiwiri ndinapaka. Kunja dzuwa lili paliwombo, m'nyumba mdima wa ndiweyani. Khoma layambira pati, pansi pathera pati, osadziwika. Akatekisiti athu a Alfonsi anabwera kudzatilonjera, anangoti odi, masitepe atatu, chipumi pakhoma gu!

"A Whiteson," anatero akusisita chotupa, "mwalowa m'bokosi la maliro musanamwalire?"

Lachitatu ndinabwera ndi yachikasu. Yotsala ndinapaka ndi pakhonde pomwe, poti kutaya chinthu n'tchimo. Ndisanatsuke bulashi, pakhomo pali mzere wa anthu, mafoni m'manja, poti chikasu ndi mtundu wa mashopu ogulitsa mayunitsi a foni.

"Tokotaimu ilipo, bambo?"

"Ino ndi nyumba ya munthu!"

"Nanga mutsegula liti?"

Lachinayi ndinati yobiriwira ndiye ya mtendere, mtundu wa chimanga m'munda. Ndinapaka mpaka pakhonde, osakumbukira kuti ndi mtundu wa chipani. Ha! Masana kunatulukira amuna awiri achipani, kundikumbatira, kundikoleka chitenje m'khosi, akuti msonkhano wa nthambi uzichitikira kwanga. Fumbi lawo lisanatsike, afika a chipani china, nkhope zili ndwii.

"Aphunzitsi, tinkakuyesani athu. Akupatsani chiyani?"

Ine amene pamoyo wanga wonse sindinavinepo pamsonkhano, tsiku limodzi ndinalowa chipani n'kugulitsa chinzake.

Lachisanu a Getrude anangokwera basi, n'kubwerako ndi chigoba cha dzira chomwe chija, n'kundiikira chitini pamiyendo. Ndinapaka katatu kuti ndale zibisike. Inu, khoma linawala, matabwa n'kuoneka ngati a m'nyumba ya bwanamkubwa! Akuluakulu ananena, mawu a mkazi amakoma msana ukathyoka.

Loweruka alendo anafika, patsogolo pali azakhali ake a mkamwini, a Yosefina, gogo wa ndodo ndi duku. Anavula nsapato pakhomo, analowa, khoma osaliyang'ana n'komwe. Maso ali pansi. Anagwada, n'kusisita ndi chikhatho, n'kupukusa mutu. Ine chifuwa chatukuka, ndakonza kale pakhosi kuti ndifotokoze za mlombwa.

Gogoyo anatembenukira kwa akazi anga.

"Amayi, manja muli nawo! Kuzira kotere ndinakuona kale ndili mtsikana. Dothi lakuda chonchi mumakumba dambo liti?"

A Getrude osaphethira n'komwe.

"Funsani bambowa. Amazira okha."

Ukwati unatheka bwinobwino. Koma mukafika ku Tamanda musakafunse za aphunzitsi a Whiteson, palibe akudziwa. Mukati bambo wozira uja, aliyense akulozerani njira.