Mudzi Umene Unaletsa Maliro

Kuseri kwa phiri lina, kumene minibasi imafikako pokhapokha ikasochera, kuli mudzi umene dzina lake sititchula. M'mudzimo munali a Kamphinda, Mlembi Wamkulu Woona za Chiwerengero cha Odwala, Apantchito ndi Thumba la Chitukuko. Udindowo unali wautali kuposa eni akewo.

A Kamphinda anamva kuti boma lipereka chikho kwa mudzi wa anthu athanzi ndi akhama. Basitu, anayamba kuchiritsa anthu ndi cholembera. Wotsokomola anamulemba kuti ndi wakwaya. Wotsegula m'mimba, poti amangothamanga, anakhala wamasewero. Anyamata ogona pansi pa mtengo wa mango anawalemba ulonda wa mthunzi, ulova n'kutha tsiku lomwelo. Odwala atatha chonchi, chipatala anachitseka, ndalama za mankhwala n'kugulira njinga yamoto yoyendera powerenga anthu athanziwo. Chaka chonse sikunafe munthu. Amene ankapita kumanda ankapita mwakachetechete, ndipo lipoti linkati asamukira kudera lina.

Koma tsoka silinunkha. M'mawa wa tsiku lofika alendo ochokera kulikulu odzapereka chikho chija, a Thunga, amuna a Nangondo, anatsamira mkono. Anali atadwala chikololereni, a Kamphinda akuwalemba kuti ali patchuthi.

Nangondo sankafuna zambiri. Ankafuna kulira amuna awo monga alirira anthu: masamba pamsewu, nyimbo pabwalo, adzukulu kumanda, osati kukawataya ngati galu wogundidwa. Atangotsegula pakamwa kuti ayambe, njinga yamoto inaima pakhomo.

"Mayi, tsekani kaye pamenepo," anatero a Kamphinda. "Mukufuna kulira chiyani?"

"Bwana, abambo akunyumba atisiya."

"Mwawapima ndinu? Udokotala munauphunzira kuti?"

"Azizira, bwana. Tagwirani nokha."

"Ndi Juni uno, mayi. Tonse tazizira."

"Ndiye ndiwatani ine?"

"Akupuma awa. Komanso munthu wamkulu kumangogona alendo akubwera, atiwonongera chiwerengero cha apantchito. Tawavekani jekete."

Mlomo wa mkazi wamasiye sulimbana ndi chidindo. A Thunga, amene moyo wawo wonse anafunafuna ntchito osaipeza, anaipeza tsiku limenelo. A Kamphinda anawakhazika ngati mlonda pampando pageti la chipatala chotsekedwa chija, chipewa kumutu, magalasi akuda kumaso, chibonga pamiyendo. Nangondo anakhala pansi pambali pawo, misozi ikutsikira m'mimba.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo. Mkulu wawo, bambo wa mimba yotsogola, anayamikira chipatala chopanda mzere, kenaka anaima pamaso pa mlonda.

"Muli bwanji, achikulire?"

Zii.

"Sacheza pantchito, bwana," a Kamphinda anafulumira kuyankha, thukuta lili kamukamu.

Ntchentche inatera pamphuno pa a Thunga, iwo osaiingitsa n'komwe. Mlendo anapukusa mutu. "Mwambo wotere kulikulu kulibe. Mayi, ndi amuna anu awa? Amadandaula za malipiro?"

Nangondo anayang'ana a Kamphinda, anayang'ana njinga ija imene inamwa mankhwala a amuna awo, nzeru n'kuwafikira.

"Chiyambireni ntchitoyi sanatsegulepo pakamwa, bwana. Sapempha alawansi, sapita kokadya, ngakhale kuchimbudzi."

"Nanga ziphuphu?"

"Tawayesani nokha."

Mlendo anapisa m'thumba n'kuika ndalama m'dzanja la a Thunga. Ndalamayo inagwa pansi. Alendo onse anawomba m'manja, wina mpaka anapukuta msozi.

"Munthu wotereyu sangawolere pageti!" anatero mkulu uja. "Kuyambira lero ndiye Mlembi Wamkulu Woona za Chiwerengero cha Odwala, Apantchito ndi Thumba la Chitukuko. A Kamphinda, perekani makiyi a njinga. Inu mukhala pampandopo, muziphunzira."

A Kamphinda anati: "Bwana, pepani... munthuyutu ndi wakufa."

"Wakufa? Lipoti lanu likuti kuno sikufa munthu."

"Wafa m'mawa uno! Mayi, tawauzani!"

Nangondo anakonza chipewa cha amuna awo. "Akupuma awa, bwana."

"Koma azizira!"

"Ndi Juni uno."

Abale inu, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma a Kamphinda anaopa. Anadzigwetsa pansi, suti ndi fumbi lomwe, n'kubuma mokweza kuti mudzi wonse uchitire umboni: "Mayo ine! A Thunga atisiya! Maliro kuno!" Anathyola okha masamba n'kuika pamsewu. Anathamanga okha kukagwadira adzukulu, n'kuwanyamulira makasu. Anthu amene chaka chonse ankalirira m'bulangeti anatuluka m'nyumba zawo, aliyense kulira a Thunga n'kuphatikizapo wake wosamukira kudera lina.

Nangondo anawasiya a Kamphinda alire mpaka mawu atasasa. Kenaka anamanga bwino chitenje m'chiuno, n'kuyamba kulira kwawo kuja anakusunga chiyambire m'mawa. Analira bwino, mosathamangitsidwa ndi munthu.

Poti womwalirayo anali tsopano bwana, alendo analamula kuti Thumba la Chitukuko ligule bokosi lonyezimira ndi mbuzi. Anadya nawo, anayimba nawo. Koma pachikho anali atalembapo kale dzina la mudziwo, ndipo kufufuta n'kovuta. Choncho m'lipoti lawo analemba kuti anakhala nawo pamwambo wolandira Mlembi watsopano, ndipo anthu analira ndi chimwemwe.

A Kamphinda ali pageti paja mpaka lero, akuingitsa ntchentche. A Thunga akadali paudindo. Chiwerengero cha mudziwo chimatuluka chaka ndi chaka m'dzina lawo, ndipo kulikulu palibe amene waonapo kusiyana.