Tsiku limene ndinapopera mapichesi a Marita

Inu mukuseka kumapeto kwa benchi uko, sekani, mano ndi anu, koma pichesi mwagula pamsika pa Linthipe panoli ling'ambeni kaye tione. Mwaiona mphutsiyo? Ndiye khalani chete, chifukwa munthu amene anathana ndi mphutsi za m'mapichesi ku Dedza kuno ndine Damiyano, ndipo ngati ndikunama, mwendo wanga wabwinowu uthyokere pomwe pano.

Ndinakakwatira kuseri kwa Kabwazi, chikamwini, ndipo chaka choyamba chomwecho mkazi wanga Marita anadzala mitengo isanu ya mapichesi kuseri kwa nyumba, ine ndikukumba maenje. Mitengo imeneyo inu simunaione. Pichesi limodzi tinkadya banja lonse n'kutsalako la mawa, nthambi tinkachirikiza ndi nsanamira za nkhokwe, ndipo tsiku lina limodzi litagwera padenga, malata awiri anapindika, ansembe mpaka anatuma munthu kudzafunsa chimene chaphulika.

Marita atamwalira, abale ake sanachedwe. Anandisudzula misozi isanaume, nati njira ya kwathu ku Chongoni ndikuidziwa. Ine amene ndinawalimira minda mpaka msana kupindika chonchi, ine amene ndinakumba manda a mayi awo ndi manja awa! Zimandiwawa mpaka lero, sindibisa. Ndinakana kuchoka, ndipo mlamu wanga wamkulu, a Lukiyo, anaweruza ali chiimirire: "Khalani muzisamalira mitengo ya mlongo wathu. Ikadzasiya kubala, nanunso ntchito yanu yatha." Ndiye mumve bwino, mitengo isanu ija ndiyo inali nyumba yanga.

Chaka chomwecho kunabwera ntchentche zoboola zipatso, osati tintchentche tanu ta pamsika iti, koma zazikulu ngati njiwa, zochokera kuphiri mumtambo wakuda bii, moti nkhuku zinkalowa m'khola masanasana, belu la kutchalitchi osamveka chifukwa cha kulira kwa mapiko, ndipo mphutsi zimene zinaswa zinali zonenepa ngati mkono wangawu, zamphamvu moti pichesi likagwa linkanyamuka lokha n'kumayenda kulowera kumsewu, ine pambuyo ndi chingwe kukalibweza. Mukumva? Limodzi ndinakalipeza pa siteji likudikira minibasi.

Ndinagula mankhwala ophera tizilombo, koma sipuleya m'mudzi monse inali imodzi, ya a Lukiyo, yoyenda khomo ndi khomo. Anandipatsa mosavuta, akumwetulira, chinthu chimene sanandichitirepo chikwatire. Nditaigwedeza ndinamva kuti mwatsala pafupifupi theka. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mankhwala otsala satayidwa, ndiye ndinangothira anga pamwamba, n'kudzaza madzi, n'kubereka kumsana.

M'mawa, mphepo isanadzuke, ndinayamba kupopa, ndipo ndinapopa, anthu inu, mpaka phewa kufuka utsi, nkhungu ya mankhwala inakwera kuphimba phiri lonse n'kutsikira kumsewu waukulu, madalaivala anayatsa magetsi dzuwa likuswa mtengo, ntchentche zinkagwa ngati matalala mpaka kundifika m'mawondo, zina zinagwada kupempha chikhululukiro koma ine osamva, mphutsi zinkatuluka m'mapichesi zikutsokomola, zitasenza ana kumutu, ulendo wa ku Mozambiki, ndipo ndinakwera mtengo uliwonse sipuleya ili kumsana, tsamba ndi tsamba, pamwamba ndi pansi, osasiya ngakhale kanthambi kamodzi kouma, chifukwa ndinkafuna a Lukiyo aone kuti mkamwini amene amamuyesa galu ndi ndani. Mitembo ya ntchentche tinatuta pangolo masiku atatu, ng'ombe zikulira ndi kulemera. Mukumva? Masiku atatu.

Mwafunsa kuti nanga bwanji lero ndikukhala ku Chongoni m'kanyumba ka mphwanga, n'kumadya mapichesi opatsidwa pamsika. Funso lanu ndi lachipongwe, koma ndiyankha.

Mvula yoyamba inali itagwa sabata imeneyo, ndipo a Lukiyo anali atapopera m'munda mwawo mankhwala opha udzu asanadzale chimanga. Theka lija linali limenelo. Ine sindinafunse, chifukwa kufunsa mlamu amene akukuthamangitsa kumawawa pakhosi. Iwo sananene. Kaya anaiwala, kaya sanaiwale, akayankha okha kwa Mulungu, koma kumwetulira kuja ndimakuonabe.

Sabata isanathe masamba anasanduka achikasu, mapichesi anayoyoka ali anthete, ndipo pofika Khirisimasi mitengo yonse isanu inali gwaa, youma. Palibe nthambi imene inapulumuka, pakuti ndinapopera bwino kwambiri, monga ndakuuzani. Mitengo imene Marita ankathirira ndi chidebe ali ndi pakati, ndinaipha ndine, ndi manja anga, ndikuimba nyimbo. A Lukiyo anabwera ndi nkhwangwa, sanandikalipire, anangondifunsa ngati ndikufuna thumba loikamo zovala. Nkhuni zake anawotchera njerwa.

Ndiye sekani, sekanitu. Koma mukapite kuseri kwa Kabwazi, mukafunse aliyense, ngakhale a Lukiyo amene. Chipopereni ine tsiku lija, kuseri kwa nyumba ya Marita sikunapezekenso pichesi la mphutsi ngakhale limodzi.